Tepi Imene Inaondetsa Mlongo Wanga

Kamera ija ilipobe. Ili m'sutikesi kunsi kwa bedi, pamodzi ndi makadi a ubatizo a ana ndi zigamba za nsalu zimene ndimati ndidzasokera kanthu koma sindisoka. Batire yake inafa kalekale. Akazi anga amati ndikaitaye kudzala, ine ndimangoti mawa, ndipo mawa ameneyo wakwanitsa zaka zoposa makumi awiri. Ndi kanthu kakang'ono kokwana m'dzanja limodzi, koma ndi kamene kanathetsa banja la mlongo wanga, wokagwira ndili ine.

Ntchito yanga ndi utelala. Ndakhala ndikuponda makina pakhonde la sitolo ina kufupi ndi Nguludi kuyambira tsitsi langa lili bii, lero msana umayamba kuwawa ndikangoona ulusi. Munthu akatulukira pamsewu ndimadziwa kukula kwa m'chiuno mwake ndisanamuyeze. Masiku amenewo ndinkadziwa zambiri kuposa zimene ndinkafuna kudziwa, chifukwa anthu ankabwera ndi mathalauza kuti ndiwachepetse, mwezi wotsatira n'kubweranso kuti ndichepetsenso, kenako osaonekanso. Inali nthawi ya kaliwondewonde. Ukangoonda, mudzi wonse unkakukumbira manda m'mitima usanagone n'komwe pamphasa, ndipo unkaweruziratu kumene unakawatenga matendawo.

Mlongo wangayo ndi wonditsatira. Amalume athu anamwalira ife tikadali achinyamata, ndiye pamene iye anapeza mwamuna unkhoswe unagwera ine. Kwathu kuno mwamuna ndiye amabwera kudzakhala kwa mkazi, ndipo banja likagwedezeka amayamba kugogoda kwa mchimwene wa mkaziyo. Mlamu wangayo anali wa cha ku Mpama, munthu wofatsa, wosamwa, wodziwa kuumba njerwa. Anamangitsa ukwati kutchalitchi, diresi ndi suti ndinasoka ndine. Mwana wawo, wamkazi, atangoyamba kukwawa, alamu anatsatira anzawo ku Joni kukagwira ntchito yosamalira maluwa m'mipanda ya anthu.

Sindiwanamizira ayi, zaka ziwiri zoyamba anakumbukira kwawo. Zimene ankatumiza zinamanga nyumba ya njerwa zootcha, yamalata, ya zipinda zitatu zondondozana, yaitali ngati makalasi a sukulu. Itatha nyumbayo, kunabwera bambo wina wa ku Namadzi, Msilamu wamalonda amene ankayenda ulendo wa ku Joni kawirikawiri n'kumanyamulira anthu katundu. Anandipatsa kabokosi ndi kalata. M'kalatamo alamu anati agula kamera kwa bwana wawo, yogwirapo kale ntchito koma yabwinobwino. Anati ndiwajambulire nyumba yonse, kuyambira uku mpaka uko, kuti aione ngati aima pabwalo. Ndijambulenso mkazi wawo ndi mwana. Ndikatero kamerayo ikhale yanga, ndizijambula maukwati.

Buku la malangizo m'kabokosimo munalibe. Ngakhale likanakhalamo sindikanaliwerenga, pakuti ine makina osokera ndinawaphunzira pongowamasula ndi kuwamanganso, ndipo ndinkanyadira zimenezo kuposa muyeso. Ndinatchaja batire kusitolo, ndinajambula nkhuku za eni sitolo masiku awiri, ndipo ndinadziona kuti ndatha.

Tinajambula Loweruka lina m'nyengo yozizira, chiperoni chitangosiya. Mlongo wanga anali ndi chimfine cha nyengoyo, chimene aliyense kuno amakhala nacho mitambo ikatsika m'phiri. Anavala diresi la buluu limene ndinamusokera pa Pasaka. Sabata yomweyo ndinali nditalimasula m'mbali ndi kuwonjezera kansalu, chifukwa linali litayamba kumuthina. Ndinamuseka pomuyeza kuti ndalama za ku Joni zikuthera m'masaya, iye anandiponyera chitsononkho.

Vuto linali nyumbayo. Ndikaima pabwalo, pa kagalasi ka kamera pankaoneka chitseko ndi mawindo awiri, koma mbali zonse ziwiri zinkatsala kunja. Kumbuyo kwanga kunali munda wa nandolo wa apongozi a mnansi wathu, mayi wapakamwa amene sindinkafuna kuyambana naye chifukwa cha nthambi imodzi yothyoka. Ndiye ndinayamba kudinadina mabatani. Ndinapeza pena pamene ndikadina, chithunzi pa kagalasi kaja chinkasanduka chachitali cham'mbali, mizere iwiri yakuda pamwamba ndi pansi, ngati mafilimu a karate amene anyamata ankaonera m'nyumba ya vidiyo pamsika. Mtima unakhala pansi. Ndinati eya, kamera yatambasula diso. Ndinasunthasuntha pang'ono, ndinapendeketsa thupi, mpaka nyumba yonse inalowa.

"Yankhula, chemwali, akukuona," ndinatero.

Anachita manyazi kaye, akuseka ndi kubisa nkhope kumbuyo kwa mwana. Kenako anaima bwinobwino pakhomo, mwana ali m'manja.

"Bambo a mwana, nyumba yanu ndi imeneyi. Malata sakudontha. Ife tili bwino. Dzulo tinali kuchipatala kusikelo ndi mwanayu." Apa anatsokomola kawiri, natembenuka kumbali. "Pepani, n'chimfine. Mubwere mudzaione nokha ndi maso, zapakanema sizikwanira."

Madzulo ake tinaonera pa kagalasi ka kamera, mitu itagundana, mayi athu, mlongo wanga ndi ine. Zonse zinali bwino. Masaya ake anali pomwepo. Kumudzi kwathu kunalibe magetsi, kunalibe tivi, choncho kagalasi kameneko ndi kokhako kamene tinaonerapo. Lolemba ndinakwera minibasi kupita ku Limbe, kumene munthu wina anasamutsira zojambulazo pa tepi yaikulu yolowa m'deki. Iye anali ndi anthu ambiri pamzere, ine ndinali ndi ulusi ndi mazipi oti ndikagule, ndiye ndinamusiyira n'kudzatenga pobwerera. Palibe amene anati tiyeni tiione kaye. Ndinakaipereka kwa bambo wa ku Namadzi uja itakulungidwa mu nsalu yotsala ya diresi lomwe lija.

Panapita masabata atatu. Tsiku lina masana mwini sitolo anandiitana kuti ndili ndi foni. Anali alamu. Sanapereke moni.

"Alamu, ine ndimakuyesani munthu wachilungamo. Mwandibisira chifukwa chiyani?"

"Ndabisa chiyani, alamu?"

"Mkazi wanga watha chonchija inu muli phee? Khosi ngati la nkhanga, manja ngati timitengo. Mwananso chimodzimodzi. Akutsokomola, akunena yekha kuti anali kuchipatala. Ine ndinachoka kumeneko zaka ziwiri zapitazo ndili bwinobwino. Ndiye wazitenga kuti?"

Ndinaseka. Mpaka lero ndimadzida chifukwa cha kuseka kumeneko. Ndinati mwina mwaonera tepi ya eni ake, mlongo wanga ndamuwonjezera diresi mwezi womwe uno. Anati diresilo aliona, ndi la buluu, likulendewera ngati lili pa hang'ala. Anati sanaonere okha. Kumene ankakhala kunali Amalawi anzawo asanu ndi mmodzi m'chipinda chimodzi, tivi inali imodzi, ndipo onse anasonkhana kuti aone nyumba ya mnzawo. Poyamba ankaombera m'manja. Mlongo wanga atatulukira, onse analeka kuomba m'manja, ndipo mmodzi anadzuka n'kutuluka panja. Foni inadukira pamenepo.

Sindinamuuze mlongo wanga tsiku limenelo, ngakhale lotsatira. Ndinkati ndi zopusa, zitha zokha. Pakadafunda padajiwitsa galu. Anamva kwa amayi anzake a kwaya, chifukwa mmodzi mwa amuna a m'chipinda chija anali ataimbira kale mkazi wake, ndipo mkaziyo sanagone nayo nkhaniyo. Lamulungu lotsatira, pa benchi imene mlongo wanga ankakhala panapezeka malo ambiri kumanja ndi kumanzere kwake. Anthu omwewo ankamuona tsiku ndi tsiku kuchitsime ali wonenepa, koma mawu ochokera ku Joni analemera kuposa maso awo.

Mutu ukakula sulewa nkhonya. Ndinatumiza uthenga kwa nkhoswe ya kuchimuna, amalume awo a alamu, mkulu wa ku Mpama wovala chipewa ndi jekete nyengo zonse. Anabwera pa njinga, anakhala pampando pakhonde la nyumba yatsopano ija. Ndinaitana mlongo wanga kuti abweretse madzi, kuti mkuluyo amuone yekha. Anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, anamwa madziwo pang'onopang'ono.

"Mwamuona, akulu," ndinatero. "Munthu wodwala amaoneka chonchi?"

"Ndamuona," anayankha. "Koma bambo, masiku ano kunabwera mankhwala aja otalikitsa moyo. Amanenepetsa msanga. Kwathu kuli wina tinkamulira, lero akukwera njinga."

Pamenepo ndinadziwa kuti tagwa m'dzenje lopanda potulukira. Akaonda ndiye kuti akudwala, akanenepa ndiye kuti akumwa mankhwala. Mlongo wanga anali chigwadire pambali ndi kapu m'manja. Sanalire. Anangofunsa kuti, "Ndiye ndioneke bwanji kuti mukhulupirire?" Mkuluyo anayang'ana chipewa chake.

Sabata yomweyo mlongo wanga anapita yekha kukayezetsa magazi, iye ndi mwana, ndipo anabwera ndi pepala loti alibe kachilombo. Tinalitumiza. Yankho linabwera lakuti mapepala munthu akhoza kuwapeza. Ine ndinkangozungulira mutu, chifukwa tepiyo sindinaionepo pa tivi, ndipo sindinkadziwa chimene alamu anaona. Ndinayamba kuganiza kuti apeza mkazi wina ndipo akungofuna ponamizira. Maganizo amenewo ankandikomera, chifukwa ankandichotsa ine m'nkhanimo.

Komabe tsiku lina ndinatseka makina masana, ndinatenga kamera ndi katepi kake kakang'ono, ndinapita ku Limbe kwa mkulu wina wokonza mawailesi ndi mativi. Kashopu kake kanali kodzaza mativi akufa mpaka kudenga, iye atakhala pakati ndi magalasi omanga ndi waya. Analumikiza kamera ku tivi imodzi mwa zakale zija, za mimba kumbuyo, zagalasi lofanana mbali zonse. Anadina batani.

Nyumba inali yomweyo, diresi lomwelo, mawu omwewo. Koma mkazi amene anaima pakhomopo anali ngati wadzuka pamphasa atagona miyezi itatu. Nkhope yaitali, masaya olowa, khosi lotalika, mapewa opanikizana. Mwana mutu wosongoka, timiyendo ngati ta udzudzu. Kenako anatsokomola, natchula chipatala. Ine telala, amene ndinamuyeza ndi manja angawa, ndinamva mantha.

"Kamerayi ndi yowonongeka," ndinatero.

"Ilibe vuto," anayankha mkuluyo, osandiyang'ana n'komwe. "Munadina apa, eti?"

Anandionetsa pamene ndinadina tsiku lija. Kenako anandifotokozera mosathamanga, ngati munthu amene wazinena kambirimbiri ndipo watopa nazo. Anati kunja kunayamba kubwera mativi atsopano aatali cham'mbali, ndiye opanga makamera ang'onoang'onowa anaikamo batani loti chithunzi chizikwanira pa mativi amenewo. Koma diso la kamera ngati yangayi silikula ayi, ndi lomwelo. Imangodula chithunzi pamwamba ndi pansi kuti chioneke chachitali cham'mbali. Makamera ena akadula amasiya mizere yakuda ija pa tepi, ndipo munthu amaoneka bwinobwino pa tivi iliyonse, kungoti wamng'ono. Koma yanga ikadula, chotsalacho imachikoka cham'mwamba kuti chidzaze tepi yonse, poyembekeza kuti tivi yatsopano idzachikokera m'mbali n'kuchibwezera m'malo. Kagalasi ka kamera kamadziwa zimenezo, n'chifukwa chake pamenepo zinkaoneka bwino. Tivi yakale sidziwa kanthu, imangoonetsa monga yalandirira.

Zimenezo ndinazimva msanga, chifukwa ndi zimene nsalu imachita ukaidula mopereweza n'kuikoka kuti ifike: maluwa ozungulira amasanduka mazira.

"Taonani chitseko," anatero mkuluyo. "Chitseko chanu n'chopapatiza chonchi? Taonani mbuzi iyo ikudutsa kumbuyo. Nayonso ikudwala?"

Inalidi yoonda mbuziyo, ndi ndowa imene inali pakhonde, ndi mtondo. Zonse zinali zoonda. Koma mwamuna amene sanaone mkazi wake zaka ziwiri sayang'ana ndowa.

"Koma nyumba yonse inalowa nditadina," ndinatero, ndikufunabe podzigwira.

"Inalowa chifukwa munasuntha. Batanilo silinakupatseni ngakhale njerwa imodzi. Mukanangobwerera m'mbuyo mapazi atatu, basi."

Mapazi atatu. Ndinaganiza za munda wa nandolo uja ndi mayi wapakamwa uja njira yonse ya minibasi. Ndikanathyola nthambi ziwiri, akanandilalatira mpaka dzuwa kulowa, mawa lake n'kuiwala.

Ndinaimbira alamu ndi mayunitsi anga, ndinafotokoza zonse, za kudula ndi kukoka, za chitseko ndi mbuzi. Ndinati abwezerenso tepiyo ayang'ane ndowa. Anamvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako anati, "Ndiye mukuti kamera ndiyo ikudwala? Alamu, bwana wanga wajambulira ana ake zaka zingati, palibe anaonda." Anawonjeza kuti tepiyo sangaionerenso, anaitaya. Ndinajambula ina, batani lija nditalizimitsa, nditaima pakati penipeni pa nandolo. Mlongo wanga anakana kuyankhula, anangoima pakhomo manja ali kumbuyo ngati mwana wa sukulu wolakwa. Bambo wa ku Namadzi anaitenga. Atabwerako anandipeza pamakina, anakhala pabenchi, kenako anati alamu asamuka kumene ankakhala, ndipo anzawo akuti ali ndi mayi wina wa komweko. Tepiyo anandibwezera ili chikulungire.

Sindidziwa ngati mayiyo analipo kale tepi yoyamba isanafike, kapena anabwera chifukwa cha iyo. Ndalifunsa funso limeneli zaka zonsezi pamene ndikuponda makina, ndipo yankho limasintha malinga ndi mmene ndadzukira.

Chimene ndikudziwa ndi chimene ndinauza mlongo wanga. Ndinati kamera imene anatumiza mwamuna wako inali yowonongeka, imaondetsa anthu. Sindinanene za batani. Sindinanene za nandolo. Ndinati ndidzanena mtima wake ukakhala pansi, koma mtima wake utakhala pansi ndinaona kuti kuli bwino ndisaudzutsenso. Iye anatenga mawu angawo n'kuwasunga. Ankati munthu amatumiza chinthu chowola yekha, kenako n'kukhulupirira chinthucho kusiya mkazi wake. Ankati ngakhale wakhungu akanaona kuti ndi bodza. Mkwiyo umenewo unamugwira msana. Ndi umene unkamudzutsa m'mawa kupita kumunda, ndi umene unamulipirira mwana sukulu pogulitsa mandasi ndi tomato pachipata cha chipatala. Amuna awiri anabwera kwa ine kudzafunsira, onse anawakana. Ankati ukwati wake unamangidwa paguwa, ndipo sadzampatsa munthu uja mpata woti anene kuti mwaona, ndinkanena. Miseche inatha yokha patapita zaka, anthu ataona kuti sakufa. Palibe amene anabwera kudzapepesa.

Kamerayo ndinajambulira maukwati atatu okha, kenako ndinaiika m'sutikesi.

Mwana uja anakula, lero amagwira ntchito m'sitolo ya nsalu ku Limbe. Chaka chatha anaikira mayi ake sola padenga la nyumba ija, malata ake atachita kale dzimbiri, ndipo anagula tivi ya masiku ano, yopyapyala, yaitali cham'mbali. Tsiku lina anandifunsa kuti, "Amalume, paja amati munandijambula ndili kamwana. Katepiko kaliko?" Ndikananama kuti kanatayika. Koma ndatopa nako kunama, ndipo ukalamba umachepetsa mphamvu zobisira zinthu. Ndinamupatsa. Anakapeza munthu mutauni amene anasamutsira zojambulazo pa kafulashi.

Tinaonera Lamulungu masana titachokera ku Misa, atatu: mlongo wanga, mwana wake ndi ine. Tivi yatsopanoyo inachita zimene mkulu wa ku Limbe ananena zaka zonse zija. Inakokera chithunzi m'mbali, ndipo pakhomo panaima mlongo wanga weniweni, wamasaya, wa diresi la buluu lothina pang'ono m'chiuno ngakhale ndinaliwonjezera. Mwanayo anakuwa ndi chisangalalo atadziona. Mayi ake anaseka ataona mbuzi, anaikumbukira, anati ndi ija inadya sopo. Atamva mawu ake omwe akuti mubwere mudzaione nokha ndi maso, kuseka kunatha.

"Ndiye apa ndaonda pati?" anafunsa. "Achimwene, munkati kamerayi imaondetsa."

Ndinamuuza. Ndinayamba ndi nandolo, ndinafika pa batani, ndinamaliza ndi mapazi atatu. Ndinati kamera inalibe vuto, wolakwa ndinali ine, ndipo ndinadziwa kuyambira chaka chomwecho. Mawu amene ndinawasenza zaka makumi awiri anatha msanga kwambiri, osakwana nthawi yowiritsira tiyi. Ndinadikira kuti andilalatire. Ndinkafuna kuti andilalatire.

Anatembenukira kwa mwana wake. "Tiviyi ingathe kuonetsa mmene anaonera bambo ako?"

Mwanayo anandiyang'ana. Ndinagwedeza mutu kuti inde. Anafufuza pa rimoti, anadina, ndipo chithunzi chinapanikizika pakati, mizere yakuda kumanja ndi kumanzere. Mkazi wa khosi lalitali uja anabweranso, ndi mwana wa timiyendo uja. Mlongo wanga anadzuka pampando, anayandikira mpaka pafupi ndi galasi. Anati abwezere pamene akutsokomola. Anabwezera. Anati abwezerenso.

Anaima pamenepo nthawi yaitali, dzanja lili pakamwa. Kenako anabwerera kudzakhala pansi pang'onopang'ono, ngati munthu wochokera kumunda wakutali.

"Inenso ndikanakhulupirira," anatero.

Madzi akatayika saoleka, ndipo mwambi umenewo ndaunena kwa mabanja ambiri monga nkhoswe, koma tsiku limenelo sindinautulutse pakamwa.

"Munthu uja analira ataona zimenezi?" anandifunsa.

Ndinati sindikudziwa. Ndinati pafoni paja mawu awo ankanjenjemera, koma ine ndinaseka.

Anagwedeza mutu, anadzuka, anati akaone nyemba pamoto. Ndinaganiza kuti wandikhululukira, kapena kuti adzandikwiyira mawa. Sizinachitike zonse ziwiri. Amandilonjera, amanditumizira nandolo akakolola, zovala zake amabweretsabe kwa ine. Koma kuyambira tsiku limenelo sanamutchulenso mwamuna uja mwaukali. Kale ankati akamutchula maso ankayaka, msana n'kuwongoka. Tsopano pa Misa amaperekera dzina lake kuti amupempherere, ndipo amafunsa aliyense wochokera ku Joni ngati anamuonako. Poyamba ndinamulanda mwamuna. Ulendo uno ndinamulanda mkwiyo umene unkamuyendetsa, ndipo sindidziwa kuti kulakwa kwakukulu n'kuti.

Mwezi watha anabwera pakhonde la sitolo ndi madiresi awiri m'jumbo. Anati ndiwachepetse m'chiuno, ayamba kumukhwepa. Sakudwala, anapita kuchipatala, akuti palibe chimene apeza, kungoti chakudya sichikumulowa. Ndinamuyeza. Ndinalemba nambala pa kapepala ndi choko changa, ndipo ndinayezanso kachiwiri, poganiza kuti mwina ndalakwitsa. Sindinalakwitse.